Tsiku Limene Injini Inalira

Anzake kuchipatala ankamutchula kuti Makanika, ngakhale ntchito yake inali ya unamwino, chifukwa girisi sankatha m'zikhadabo zake. Bambo ake pomwalira anamusiyira njinga yamoto yachikale, yodyeka ndi dzimbiri, imene inakhala zaka makumi awiri nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Iye anaikokera m'kashedi kakuseri kwa nyumba n'kuiphwasula yonse. Kwa zaka ziwiri, akaweruka, ankapala dzimbiri, kutsuka kabuleta ndi mswachi, kumanga masipoko mmodzimmodzi. Mahandulo anawatsitsa, thanki anaipaka penti wobiriwira, chishalo anasoka yekha ndi chikopa cha chikwama chakutha.

Mwamuna wake, dalaivala wa lole, ankadana nayo njingayo ngati kuti ndi chibwenzi cha mkazi wake. Anzake ankamuseka kuti anadyetsedwa khuzumule, n'chifukwa chake masipanala panyumba pake amagwira ndi mayi. Chipongwe chimenechi ankabwera nacho kunyumba, ndipo kawiri konse chinathera pa tsaya la mkaziyo.

Loweruka lina masana, Makanika anathira petulo, anamanga pulagi yatsopano, n'kuponda kiki yolizira injini. Kachisanu ndi chiwiri injini inatsokomola, kenako inalira mpaka malata a shedi kunjenjemera. Anakhala pa chidebe, manja ali pakamwa, kumvetsera phokoso limene analimva komaliza ali kamtsikana. Anaisiya ilire nthawi yaitali.

Sanamve kuti mwamuna wake walowa. Anangoona hamala ikutera pa nyali ya njingayo, magalasi waa pansi.

"Bambo, mwatani kodi?"

"Ndatopa nako kununkha kwa oyilo. Lero usankhe, ine kapena chitsulochi."

Anamenyanso pa thanki, penti n'kuthetheka. Mkaziyo anaimirira pakati, dzanja lili m'mwamba. Hamala yachitatu inam'peza pamkono, ndipo anamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Asanagwe, mwamunayo anamugwira tsitsi n'kumuwombetsa nkhope pa tebulo la zida. Magazi anadzaza m'kamwa, dzino limodzi analilavulira pa simenti.

"Dzuka, Makanika. Si ndiwe mwamuna iwe?"

Pafupi ndi bondo la mkaziyo panali beseni la palafini, mmene ananyikamo tcheni chakale. Anachivuula ndi dzanja lamanzere. Mwamunayo atawerama kuti amukoke, anachizunguza ndi mphamvu zonse. Chinamudula kuyambira pakhutu mpaka pamlomo, palafini n'kulowa m'maso. Bamboyo anakuwa, anadzandira chafutambuyo, anakola sitandi ya njinga, ndipo njinga yonse inamugwera pamwendo. Injini inazima. Ekizozi yotentha inamatirira pa katumba, fungo la nyama yopsa n'kudzaza m'shedimo.

"Mayi a mwana, chotseni. Ndikupsa, chonde."

Makanika anali atasamalira odwala ambiri opsa ndi moto, ndipo ankadziwa bwino zimene chitsulocho chinkachita pa mnofu mphindi iliyonse. Anatsamira khoma, mkono uli lende, n'kumuyang'ana. Sanafulumire. Anayamba watola hamala ija n'kuiponya panja, kenako anapukuta magazi pachibwano, ndiye n'kuitana mayi woyandikana naye, amene anali kale pampanda mpini uli m'manja.

Awiriwo anadzutsa njingayo. Khungu lina linatsalira pa ekizozi. Makanika anathira madzi ozizira pabalapo ndi dzanja limodzi, monga amachitira ndi wodwala aliyense, osamuyang'ana kumaso.

"Ndiitane galimoto imodzi kapena ziwiri, achemwali?" anafunsa mayi uja.

"Ziwiri. Ine sindikwera naye."

Apolisi ataona mkono ndi dzino, nkhani ya tcheni sanaitalikitse. Mwamunayo anagona m'chipatala milungu isanu, ndipo mwendo sunapondenso kilatchi ya lole. Abale ake anabwera kudzapepesa, ati banja ndi kupirira. Makanika anawapatsa mipando, anamvetsera mpaka amalize, kenako anawaonetsa makatoni a zovala za m'bale wawo, omanga kale.

Pulasitala atachotsa, dzanja linatsala lofooka, losatha kufinya buleki. Mchimwene wake anati angoipereka njingayo kwa wina. Iye anakana, n'kumutuma kuti akamufunire nyali ina kwa ogulitsa zitsulo zakale.