Malata Anawoloka Muloza

Namondwe atadutsa, Alefa anachoka kusukulu kumene anathawira n'kupeza nyumba yake ilibe denga. Mwamuna wake Mackson, wakabaza wa pa Muloza, amene anatsala kuti alondere katundu, anati mphepo inaulutsa malata onse. Malata amene Alefa anawavutikira potchola tiyi, mvula ili pamsana! Analira, kenako anafolera ndi pulasitiki.

Patapita miyezi kunabwera Janeti, mtsikana wa bungwe loona za madzi osefukira. Anayala zithunzi m'tchalitchi. Anati zinajambulidwa ndi rada ya pa setilaiti, kuyambira kugombe la nyanja ku Quelimane mpaka kuphiri la Mulanje, ndipo mitambo siitchinga radayo. Madzi amaoneka akuda bii, malata amawala mbee.

"Apa ndi panu, mayi. Chithunzi ichi n'cha mphepo italeka kale."

Alefa anayang'anitsitsa. Kadontho koyera kanali pomwepo. Pa chithunzi chotsatira, cha masiku a chiperoni, nkhungu itakuta dera lonse, kanali katasowa. Koma tsidya la mtsinje wa Muloza, ku Mozambique, pamene panali pakuda, panali patamera kadontho katsopano.

"Makina amenewa amanama," anatero Mackson, amene anali pambali pake.

"Mphepo yake yodziwa kukhoma misomali?" Alefa anafunsa, mtima ukuwira. "Mkamwini wopanda manyazi inu! Mumati nkhungu ikubisani?"

Sanadikire ankhoswe. Anatenga hamala ndi alongo ake awiri, nawoloka. Anapeza kanyumba katsopano, pakhomo pali mtsikana wina, m'kati muli khanda la makutu a Mackson. Malatawo anawazindikira msanga, chifukwa mabowo akale anawamata yekha ndi phula.

"Ndinu ndani?" anafunsa mtsikanayo.

"Mwini denga."

Alongo aja anakwera n'kuyamba kuzula. Mtsikana anatukwana m'Chilomwe, zina m'Chipwitikizi. Mackson, amene anawalondola, anaima patali atagwira njinga. Mvula inayamba kuwaza. Atafika pa lata lomaliza, lapamwamba pa mphasa imene khanda linagona, Alefa anakweza dzanja.

"Limenelo lisiyeni."

Asakunamizeni munthu kuti chinali chisoni. Anatembenukira kwa Mackson.

"Kadontho kanu ndi kameneko, bambo. Akumwamba aziona kumene mukukhala. Kwathu musadzapondeko."

Anasenza malata ake, nalowa mumtsinje kubwerera kwawo, osacheuka.