Sileti ya a Magdalene

A Paston anali atanyamula kale laputopu ya malemu ija pamene Sungeni ankalowa ndi tiyi pabalaza.

"Iyi ipite kwa mwana wanga wa ku koleji," anatero akuitembenuza uku ndi uku. "Koma aifufute kaye. Ndayatsa, mulibe kanthu. Mdima wokhawokha."

A Gracian, bambo ake a Sungeni, anali pampando wawo. Linali tsiku lachinayi chiwaikire m'manda akazi awo, a Magdalene, ndipo mwambo ankaudziwa: katundu wa mkazi amagawa ndi akuchikazi. A Paston, alongo ake a malemu, anabwera ku Nkolokosa kuno kuchokera ku Chigumula kudzagwira ntchito imeneyo. Zitenje ndi mapoto zinali zitagawidwa popanda mkangano. Sanali munthu wadyera ayi. Kungoti sankadziwa kuti mdima umenewo unali ntchito ya zaka makumi awiri.

A Magdalene anali wotayipa pa ofesi ya maloya ku Mandala. Kompyuta yomwe anawapatsa inali yokalamba, yongouma pakati pa kalata. Atatopa nayo, anabwereka buku kwa a Suhail, okonza makompyuta, nadziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Anapanga kapulogalamu kawokawo kolembera pa sikirini yakuda, kopanda zithunzi, kopanda mausi, zilembo zokhazokha. Anakatcha Sileti. Poyamba kankangodziwa kulemba ndi kufufuta basi. Tsiku lina magetsi atazima n'kuwatayitsa masamba asanu, anakaphunzitsa kusunga kokha zolembedwa. Mlembi wa kwaya atadandaula kuti chilembo cha ŵ chimamuvuta kupeza, anachiikira batani lake. Chaka ndi chaka ankawonjeza apa, kuchotsa apo. A Gracian, telala wa ku Limbe, zimenezi ankazimvetsa bwino. Thalauza labwino umalikulitsa mwini wake akanenepa, sulitaya.

"Sungeni, sunenapo kanthu?" a Gracian anafunsa mwana wawo, yemwe amagwira ntchito yopanga mapulogalamu a m'mafoni m'tauni.

"Ndinene chiyani, adadi? Masiku ano ndani angalembe pa zimenezi? Ankolo atenge, zithunzi ndakopera kale."

A Gracian asanayankhe, kunja kunamveka odi. Analowa bambo wina wamtali wovala kofiya, ndodo yoyera ili kumanja, dzanja lamanzere lili paphewa la mayi wina. Atakhala pansi n'kupepesa malirowo, bamboyo anadzifotokoza.

"Ine ndine Wahab, mphunzitsi, awa ndi akazi anga, a Amisa. Uthenga tamva dzulo lomweli. Mayi a nyumba ino tinkangolankhulana pafoni, zaka zisanu ndi zitatu. Sindinawaonepo." Anamwetulira. "Koma musadandaule, ine palibe amene ndinamuonapo."

Onse anaseka, ngakhale a Gracian, koyamba sabata imeneyo.

"Munadziwana nawo bwanji achemwali anga?" anafunsa a Paston.

"Sileti. Ife osaona kompyuta imatiwerengera ndi mawu. Koma mapulogalamu enawa ndi zithunzi ndi timabatani mbwee, mawuwo amasochera, nafenso timasochera. Sileti imayenda mzere ndi mzere, ngati munthu wotsata njira. Nditawauza kuti sindidziwa pothera mzere, anaikamo kabelu kolira mzere ukatha. Nditati sindidziwa kuti ndili pati, anaiphunzitsa kutchula nambala ya mzere. Mayeso onse a ana anga ndimalembera pamenepo. Osaona ogwiritsa ntchito Sileti tilipo khumi ndi mmodzi, wina ali ku Mzuzu."

A Paston anayang'ana laputopu ija pamiyendo pawo. Kenako anaiika patebulo pang'onopang'ono, ndi manja awiri.

"Ndiye kuti mumdimamu muli anthu?"

"Tilimo, bambo."

A Amisa anawakodola amuna awo ndi chigongono, koma a Wahab anapitiriza.

"Akuti ndisanene pa maliro. Koma malemu akanandikalipira ndikanabisa. Mwezi watha ndinawauza kuti ndikafufuza liwu m'zolemba, imalipeza koma imangoti zii, osanena pomwe yafika. Anati adzakonza akatuluka m'chipatala. Sindinabwerere zimenezo ayi. Ndimangofuna kudziwa choti ndikawauze anzanga aja."

Maso onse anatembenukira kwa Sungeni.

"Ine ntchito yanga ndi ina," anatero akusisita m'mphepete mwa kapu. "Nthawi ndilibe. Komanso zimene ankalemba amayi sindinaziwerengepo n'komwe."

"Palibe akukukakamiza," anatero a Gracian. "Ungoyang'anamo kamodzi, ankolo ako asanafufute."

"Alamu, amene afufute ndani?" anatero a Paston. "Mwanayo tidzamupezera ina."

Sungeni anakoka laputopu ija n'kuyatsa. A Gracian ankamuyang'ana nkhope. Poyamba inali ya munthu amene akungokwaniritsa mwambo. Kenako inayamba kumasuka, mpaka anaseka mokweza.

"Tamverani zimene analemba m'kati mwa pulogalamumu. 'Apa osagwirapo, ndinayesa kale, zonse zinagwa.' Penanso akuti, 'Izi n'zonyansa koma zikugwira ntchito. Ndidzakonza Sungeni akamaliza mayeso.' Mayeso ake ati? Nthawi imeneyo ndinali Sitandade 8!"

Anapeza mndandanda wa zosintha zonse kuyambira pachiyambi, chilichonse chili ndi tsiku lake ndi dzina la amene anapempha. Anawerenga mayinawo mokweza. A Wahab ankavomera ena ndi mutu. Chomaliza chinali ndi dzina lawo, ndipo chinalekezedwa pakatikati.

Alendo anadya nawo chamasana. A Paston ndi a Wahab anakhala pakhonde akutsutsana za mpira ngati anadziwana kale. A Gracian anatsala m'nyumba, atatseka maso, akumvetsera kulira kwa mabatani. Sungeni ankatayipa mofulumira kuposa amayi ake, koma akakakamira penapake ankadzuma chimodzimodzi. Mtima wa a Gracian unakhala m'malo.

Cha m'ma fili koloko Sungeni anatambasula manja.

"Ndatha. Inali yosavuta kwenikweni, amayi anali atafika kale pafupi. Aitaneni a Wahab ayese."

"Dikira kaye."

A Gracian anadzuka, natenga chikwama cha laputopu ija, n'kutsegula kathumba kam'mbali. Anatulutsamo kansalu kakuda, kakatali, kopindidwa bwino. M'mphepete mwake anasoka ndi iwo omwe, kalekale.

"Amayi ako sankanena kuti ndatha asanamange aka kumaso. Ankati sungatumize munthu njira imene iwe sunayendemo wekha. Ayese okha kaye, alakwitse, atukwane pang'ono, kenako n'kuimba foni."

Sungeni anakalandira n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi ake, nawaika patebulo, n'kutembenuzira bambo ake msana.

"Ndimangeni, adadi. Mulimbitse ngati mmene ankachitira iwowo."