Buku la Ambulera Yofiira

Adokotala atanena kuti mwanayo ayambe wapuma kusukulu ya mkaka mpaka chifuwa chake cha mphumu chitakhazikika, panalibe zokangana kuti azikhala naye ndani. Mayi ake ankagwira ntchito kusitolo ya mankhwala, kuchoka m'mawa kubwera madzulo. Bambo ake ankakonza mafoni ndi mawailesi m'chipinda cha kumaso kwa nyumba, momwe anaboola kawindo kolandirira makasitomala. Choncho uphunzitsi unagwera bambowo.

Mwanayo anali ndi zaka zinayi. Pakhomo ankamutchula Kamafunso, chifukwa mawu oti "chifukwa chiyani" sankachoka pakamwa pake.

Posakhalitsa m'nyumba munalowa mabokosi awiri a mabuku ophunzitsira mwana pakhomo. Loyamba anabwera nalo alamu, mkulu wake wa mayiyo, amene anaphunzitsira ana awo onse. Munali makadi a zilembo ndi timabuku ta chithunzi chimodzi patsamba: g ndi galu, m ndi mphaka. Lachiwiri mayi anabwereka kwa mnzawo wa kuntchito kuti aliyese kaye asanagule lawo. Munali mabuku a nthano odzaza zithunzi, ndi kabuku kolangiza kholo kuti buku limodzi liziwerengedwa sabata yonse, tsiku lililonse ndi kantchito kake.

Bambo atamva zimenezi anapukusa mutu.

"Buku lomwelomwelo sabata yathunthu? Kumeneko ndi kuphunzira kapena kusowa chochita? Ine ndikufuna akamadzabwerera kusukulu adzakhale akudziwa zilembo."

"Yesani onse awiri," anatero mayi akumanga nsapato. "Aphunzitsi ndinu, ine ndine wongolandira lipoti."

Anayamba ndi bokosi la alamu. Bambo anasuntha mafoni ophwasula, napukuta tebulo, n'kumukhazika mwanayo pampando wowonjezera pilo. Anakweza khadi.

"Ichi ndi g. Nena g, galu."

"Ababa, galuyu mwini wake ali kuti?"

"Alibe mwini. Nena g."

"Nanga amadya kuti?"

"Kamafunso, nena g."

"G. Koma akuoneka kuti ali ndi njala."

Pofika pa mphaka, mwanayo anali atatsetserekera pansi pa tebulo, akusanja timabawuti ta wailesi m'mizere. M'mawa mwake zinali chimodzimodzi. Zilembo ankazitchula ndithu, koma ngati munthu womeza mankhwala owawa. Bambo anayamba kuona kuti mawu awo akukwera, ndipo zimenezo sizinawasangalatse. Iwo sanali munthu wokalipa.

Tsiku lina, ntchito itachepa, anatola buku m'bokosi lachiwiri, mongofuna kuti adzathe kuuza mayi kuti anayesa. Inali nthano ya mayi wina wogulitsa maluwa amene mphepo inamulanda ambulera yofiira. Ambulerayo inauluka pamwamba pa msika, pa basi, pa anthu oyanika zovala, mayiyo akuithamangira. Mwanayo anakwera yekha pamwendo pa bambo ake. Mafunso anabwera ngati kale, koma ulendo uno mayankho anali m'zithunzi momwemo.

"Maluwa ake wawasiyira ndani?"

Bambo anayang'anitsitsa. Pakona ya tsambalo panali bambo wokalamba wogulitsa nyuzipepala, atagwirizira ndowa ya maluwa ndi phazi.

"Si awa apa? Ine sindinawaone n'komwe."

"Inu mumangoyang'ana mawu," anatero mwanayo.

Kabuku kolangiza kanati tsiku lotsatira awerenge zinthu zofiira m'buku ndi m'nyumba. Anapeza ambulera, chipewa cha dalaivala wa basi, beseni la kubafa ndi waya wofiira wa m'wailesi. Tsiku linalo anamangirira kansalu pawindo kuti aone komwe mphepo ikulowera. Kenaka anapanga ambulera ya pepala ndi kamtengo. Guluu anamata chala cha bambo ku tebulo, mwanayo n'kuseka mpaka kutsokomola, moti anaimitsa kaye sukulu kuti apume.

Akuwerenganso bukulo m'mawa wina, pakawindo panaima mayi wina wodzatenga foni yake. Bambo anafuna kudzuka.

"Ayi, malizani kaye," anatero mayiyo atatsamira pawindo. "Ndikufuna ndimve ngati anaipeza."

"Anaipeza!" anakuwa Kamafunso. "Koma mwagona mbalame, ndiye waisiya pamtengo."

"Iwe, usamaululire anthu nkhani," anatero bambo, koma nawonso ankaseka.

Chimene chinawadabwitsa chinachitika sabata ikutha. Mwanayo anaika chala pachikuto cha buku, pa chilembo choyamba cha mawu oti ambulera.

"Ichi chilinso pa khadi la amayi aakulu lija."

Anathamanga kukalitenga m'bokosi lina lija, nabwera nalo lolondola. Bambo anamwetulira. Anangomusisita m'mutu, mtima uli myaa.

Madzulo mayi atafika anapeza ambulera za mapepala zitapachikidwa pachingwe cha makatani.

"Aphunzitsi, lipoti lija lili pati?"

"Ndaganiza mofatsa," anatero bambo akukonza kukhosi. "Tigule la nthanoli. Njira yobwereza buku limodzi ndi yanzeru kwambiri. Ndakhala ndikunena."

"Mwakhala mukunena? Kuuza ndani, mawailesi?"

"Makadi a alamu tipempha atisiyire. Amathandiza apa ndi apo."

"Nanga bokosi lonselo akabweze ndani? Mukuwadziwa achemwali anga, adzafunsa kuti lalakwa chiyani."

Bambo anakanda m'mutu. Zoonadi alamu ankalinyadira bokosi lawolo ngati mwana wachisamba.

Loweruka bambo analinyamula okha, Kamafunso ali pambuyo ndi ambulera yake ya pepala. Njira yonse ankakonzekera mawu oti akanene. Koma atafika, alamu sanafunse chilichonse. Analandira bokosilo n'kulikankhira pansi pa bedi.

"Wanga wotsiriza uja nayenso ankalithawa," anatero akuthira tiyi. "Ndinkangolimbikira poti ndinali nditagula kale. Makadiwo tengani. Ndiye buku linalo mukuti ndi lotani?"

Bambo asanatsegule pakamwa, mwanayo anali atayamba kale kufotokoza, kuyambira pa mayi wa maluwa, manja ali m'mwamba kusonyeza mphepo. Bambowo anangokhala pansi n'kumwa tiyi wawo.