Chikande cha m'dambo la koleji

Chikande chinali chitasowa ku Kaphuka. Madambo amene amayi ankakumbako kale onse anasanduka minda ya mbatatesi. A Magadalena, katswiri pophika chikande m'mudzi monse, zinkawawawa chifukwa mwana wawo Sandra ankachikonda kwabasi. Sandra anali m'chaka chomaliza pa koleji ina m'tsinde mwa Phiri la Dedza, kuphunzira za zomera.

Loweruka lina m'nyengo ya dzinja a Magadalena anapita kukamusiyira ufa, koma sanamupeze. Pobwerera anadzera njira yachidule kuseri kwa kolejiyo, pa kadambo kosalimidwa. Atangoponya maso anaima chilili. Chikande chili mbwee, chitachita maluwa! Pambali pa tsinde lililonse panali kamtengo kozika, komangidwa kansalu kofiira.

"Koma ana a sukuluwa! Ndiwo zikungoonongeka kuthengo, iwo ali kalikiliki ndi kabichi," anatero akuseka okha.

Sanafunse munthu. Anasongola mtengo n'kuyamba kukumba, ndipo timitengo tija tinawapeputsira ntchito. Anafika kunyumba chitenje chili tho.

Patapita masiku Sandra anabwera kumudzi maso ali otupa.

"Usayambe kulankhula, mwanawe, idya kaye," anatero mayi akewo akumuikira mbale.

Sandra anayang'anitsitsa m'mbalemo. "Amayi, chikande chimenechi mwachipeza kuti?"

"Kwanu komweko, kuseri kwa sukulu. Wina wachifundo anachita kundiikira zizindikiro."

"Mayo ine! Amayi, timitengo tija ndinazika ndine. Ndi ntchito yanga yomalizira sukulu. Ndinkadikira kuti maluwa aja abereke njere, tione ngati chikande chingabwererenso m'madambo a kuno kwathu. Ndakhala ndikutukwana wakuba sabata yonse, osadziwa kuti ndikutukwana inu."

Mbale ija palibe anaikhudza.

M'mawa mwake a Magadalena anavala mpango n'kupita limodzi ndi Sandra kwa a Zikhalo, mphunzitsi wake. Anagwada pakhomo pa ofesi.

"Bambo, wolakwa ndine. Langani ine, mwanayu musiyeni alembe."

"Dzukani, mayi, khalani pampando," anatero a Zikhalo. "Palibe amene akulanga mwana wanu. Vuto ndi loti chikande chimachita maluwa kamodzi pachaka. Sandra ayenera kudikira mvula ina, ndipo anzake amusiya m'mbuyo. Pamenepo ine ndilibe mphamvu."

"Nanga si chimamera chokha?"

"Chimamera chokha pamene njere zagwa. Mukachikumba chili ndi maluwa, mwadya ndi mbewu yomwe. Kwanu chinatha choncho. Kadambo aka tinakasiya dala, sitilima, sititentha, kuti zomera, njuchi ndi mbalame zimene zasowa pokhala zipulumukiremo. Chikadzachuluka, mbewu yake idzafika kwanu. Pokumba muzidikira maluwa aume, njere zimwazike, ndipo muzisiyako zambiri."

A Magadalena anapukuta misozi. "Ndikanangofunsa, abale. Pakamwa ndinali napo."

Kuchokera tsiku limenelo anakhala ngati mlonda wa kadamboko. Anauza amayi anzawo a kumpingo, ndipo m'chilimwe anapita nawo kukalambula m'mbali mwake kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Mvula itagwa, timitsinde tating'ono timene tinalibe maluwa pa tsiku lokumba lija tinaphuka. Sandra anayambiranso, njere zinakhwima, ndipo anamaliza sukulu bwinobwino.

Koma chaka chinali chitapita basi. Tsiku limene anzake a Sandra ankalandira masatifiketi, iye anali kumunda kupalira mbatatesi ndi mayi ake.

Tchire limene sukulu yasunga si lopanda mwini. Ndi mosungira mbewu ya tonsefe, choncho tisakumbe, kudula kapena kutentha tisanafunse. A Magadalena akaona mayi akulowera kudambo ndi khasu, amamuimitsa panjira.

"Funsani kaye, anzanga. Ine ndinaphika chaka chathunthu cha mwana wanga mumphika umodzi, ndipo sanalaweko n'komwe."