Chitambe cha M'munda wa Thonje

A Yoramu Ngozo a ku Sharpevale anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti mwana wawo Lufina apite kusukulu ya alangizi. Chinali chaka cha 1977, mvula ili pakati, thonje litayamba maluwa. Lufina anali atakhoza mayeso a Folomu 2, ndipo anasankhidwa kuti akaphunzire ulangizi wa zapakhomo kusukulu ina ya kummwera. Ankayenera kunyamuka mwezi wa Epulo usanathe. Akapanda kupita, malo akewo akanapatsidwa kwa mtsikana wina, ndipo nkhani ikanathera pomwepo.

Mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo, a Obed Chinkhande, anafika pakhomo pa a Yoramu kudzawanyengerera. Atatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa mango, mayi Enelesi, akazi a a Yoramu, anagwada chapatali, n'kupereka moni, kenaka n'kuzimirira kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo. A Obed anafotokoza ntchitoyo bwinobwino. Anati mlangizi wa zapakhomo amayendera amayi m'midzi, kuwaphunzitsa za dimba la ndiwo, kasungidwe ka zokolola, kadyetsedwe ka ana, ndi kasamalidwe ka mankhwala a m'munda. Anati ndi ntchito ya boma, ya malipiro ndi nyumba yake, ndipo atsikana oigwira ndi ochepa kwambiri m'boma lonse la Ntcheu.

A Yoramu anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa masiku amenewo munthu wa boma sankadulidwa mawu. Atatha anayankha motsitsa.

"Bambo mlangizi, inu ndinu munthu wabwino, sindikukunenani. Koma ine ndinaona alangizi a nthawi ya malimidwe, atsamunda akulamulira, akuzula mbewu za mayi anga chifukwa mizere inapotoka. Mudzi wonse unkawalavulira akadutsa. Ndiye mwana wanga wamkazi azikayenda panjinga m'makomo mwa eni, anthu akumutsekera zitseko? Ayi, akhale pano."

Musafulumire kuwaseka a Yoramu. Sanali munthu wankhanza, ndipo sanali mbuli ayi. Anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni zaka zambiri, anabwera ndi wailesi ndi chifuwa chosatha, ndipo pakalabu ya alimi a thonje sankajomba. Koma mutu wawo unali wouma, ndipo akanena kuti ayi, ngakhale nkhuku zinkadziwa. Lufina analira mpaka maso kutupa. Mayi ake anangomuuza kuti apirire, poti iwonso analibe ponena.

Tsono kumeneko zinthu zinkayenda chonchi. Thonje inali nkhani ya abambo. Ndiwo inali nkhani ya amayi. Misonkhano ya mlangizi inkadzaza amuna okhaokha, pamene amayi ankaitanidwa pokhapokha kukakhala kuphunzira nyimbo ndi magule a chipani. Lamulo la thonje linali loti lidzalidwe palokha, popanda mbewu ina. Koma mayi wanzeru sangaone nthaka ikungokhala pansi pa thonje ana akusowa ndiwo. Choncho amayi ambiri ankaponya khobwe pakatikati pa munda, kutali ndi njira, kuti mlangizi asaone n'kuwauza kuti azule. Mayi Enelesi nawonso anachita zomwezo. A Yoramu ankamudziwa khobweyo, ankamulumpha tsiku lililonse, koma sankamuwerengera. Zinali za kukhitchini.

M'mawa wina a Yoramu anapeza nsabwe zitadzaza kunsi kwa masamba a thonje. Mtima unawapweteka. Anatenga mankhwala amadzi amene anali atangofika chaka chimenecho, n'kuthira mopyola muyeso kuti tizilomboto tione polekera. Anapopera munda wonse mpaka masamba kudontha, kenaka anakasamba n'kupita kumsonkhano wa chipani, umene munthu sankayerekeza kuujomba. Sanauze aliyense kunyumba kuti apopera. Anali asanauzepo munthu chiyambire, ndipo palibe anawafunsapo.

Dzuwa litakwera, mayi Enelesi analowa m'mundamo ndi dengu. Anathyola chitambe, masamba anthete a khobwe aja, pamodzi ndi zitheba zake. Fungo analimva, koma munda wa thonje umanunkha choncho nyengo yonse. Pobwerera anadzera pasitolo ya a Dauda, pafupi ndi njanji. Akazi a a Dauda, mayi Rahima, anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo. Banja limenelo linali la Chisilamu, la malonda, lopanda munda, ndipo kwa zaka zambiri mayi Enelesi ankawagawira ndiwo, iwo n'kumawapatsa kamchere kapena kasopo. Tsikulo anawatapira chitambe chodzaza lichero. Kamwana ka mayi Rahima, Lukia, ka zaka zitatu, kanakhala pansi pambali pa licherolo n'kumatafuna zitheba zaziwisi zimene mayi ake anakapatsa, amayiwo akucheza. Onse anakaseka kuti n'kadyera.

Pofika masana nyumba zonse ziwiri zinali pamavuto. Mayi Enelesi ndi Lufina ankasanza, mutu ukuwawaza. Mayi Rahima chimodzimodzi. Koma Lukia ndiye zinafika poipa. Dovu linkangotuluka, thukuta lili kamukamu, timanja tikunjenjemera, kupuma kukuvuta. A Dauda anamunyamula n'kuthamangira naye kuchipatala chaching'ono. Achipatala anayesetsa ndithu, koma mwanayo anali wamng'ono ndipo anadya zambiri. Dzuwa lisanalowe Lukia anali atatisiya. Anamuika m'manda m'mawa mwake, monga achitira Asilamu, mayi ake asanathe n'komwe kuimirira bwinobwino.

Abale, pakamwa pa anthu mpoopsa. Maliro asanazizire, mphekesera inali itafika kale ku Kasinje yoti mayi Enelesi anathira mankhwala m'ndiwo chifukwa cha nsanje ya sitolo. Ena ankati ndi ufiti. Kuchitsime amayi ankasuntha ndowa zawo iwo akafika. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala lopanda munthu. Mayi Enelesi anasiya kudya, anasiya kutuluka, ankangokhala m'nyumba atayang'ana khoma. Achipatala anali atanena kuti zizindikirozo n'za mankhwala a thonje, koma palibe ankafuna kubwereza mawu amenewo pagulu. Mankhwalawo ankachokera kuboma, ndipo munthu wonena kuti chinthu cha boma chapha mwana ankatha kutengedwa osadzaonekanso.

A Obed atamva, anapita kwa a Yoramu n'kuwapempha kuti akaone munda. Analowa mpaka pakati, kumene mlangiziyo anali asanafikeko chiyambire. Kumeneko anapeza khobwe atayanga pansi pa thonje, nsonga zake zitathyoledwa. Mlangiziyo anangokhala pansi pamzere, chipewa chili m'manja. Patapita nthawi anafunsa a Yoramu ngati sanalipo tsiku limene iye anauza kalabu kuti chilichonse cha m'munda wopopera chisadyedwe.

A Yoramu anati analipo. Anati anamva ndithu, koma anaganiza kuti n'zongoopseza. Popita kumigodi ankawavula n'kuwathira mankhwala a ufa thupi lonse kuti aphe nsabwe, m'mutu ndi m'khwapa momwe, ndipo palibe anafa. Ndiye iwo ankati mankhwala a tizilombo onse ndi amodzi, sangaphe munthu. Za ndiwo sanaziganizireko n'komwe.

A Obed sanawakalipire. Anawafotokozera kuti mankhwala amasiyana mphamvu, kuti amadzi aja ndi oopsa kwambiri makamaka kwa ana, ndiponso kuti kupyola muyeso sikupha tizilombo tambiri koma kumangoonjezera ngozi. Kenaka ananena zimene zinkawawawa iwo eni. Anati pa zaka zonse zimene akhala m'deralo sanayankhulepo ndi mayi ngakhale mmodzi za mankhwalawa. Akafika pakhomo amayi amagwada n'kuchoka, ndipo mwamuna sangatsatire mkazi wa mwini kuseri kwa nyumba. Madzulo a tsiku lomwelo a Obed anaimirira pamsika, ayufi a chipani ali pomwepo, n'kunena poyera kuti Lukia sanalodzedwe. Anasankha mawu mosamala, kuti mankhwala ndi abwino pa thonje koma ndi imfa m'mbale. Thukuta linali litanyowetsa malaya awo, koma ananena.

Mawa lake a Yoramu anatenga akazi awo ndi Lufina kupita kwa a Dauda kukapepesa. Anakhala pansi pakhonde, osati pampando umene anapatsidwa. A Yoramu anafotokoza zonse osabisa, kuti anapopera ndi iwo, kuti chenjezo analimva ndi iwo, ndipo kuti akazi awo sankadziwa kanthu. A Dauda anangoti zonse ndi za Mulungu, n'kuweramitsa mutu. Mayi Rahima ndiwo anayankhula, ataonda, mpango utaphimba nkhope theka.

"Bambo a Lufina, ine mnzangayu sindinamukayikirepo. Tinadya limodzi, tinasanza limodzi. Koma ndikufunseni. Inu abambo anakuuzani. Nanga ife amene timathyola ndiwo, kuphika ndi kudyetsa ana, anatiuza ndani?"

Mayi Rahima anapitiriza.

"Zitheba zija ndinamupatsa ndine, ndi dzanja langali. Pakanakhala mayi mmodzi yekha woti n'kukhala nafe pamphasa n'kutiuza, bwenzi mwana wanga ali pano. Ndamva kuti Lufina anamuitana kuti akaphunzire ntchito imeneyo, inu mukukaniza. Mukufuna ayambe wafa mwana wa yani kuti mulole?"

Mawu amenewo anawalasa a Yoramu kuposa chilichonse chimene anamvapo. Bambo wamkulu uja analira pamaso pa akazi, osabisa nkhope. Atafika pakhomo anaitana mwana wawo.

"Lufina, konza katundu wako. Ukaphunzire zonse, usakasiyeko kanthu."

Lufina ananyamuka pa sitima Epulo ali kumapeto. Sikunali kusangalala kwenikweni, poti aliyense ankadziwa chimene chinatsegula njirayo. Kusukuluko anaphunzira za mbewu ndi ziweto zazing'ono, za zakudya za ana, za nkhokwe, za mankhwala ndi miyeso yake. Anaphunziranso chinthu chimene ambiri amachiyesa chophweka, kuyankhula ndi anthu akuluakulu popanda kuwanyoza. Atamaliza anapempha kuti amutumize kwawo, ndipo zinatheka.

Ntchito sinayambe mokoma. Amayi ena ankamuthawa poganiza kuti wabwera kudzawazulitsa khobwe. Ena ankati kamwana ka dzulodzuloka kangatiuze chiyani. Lufina sanazule mbewu ya munthu. Ankafika pakhomo, kulowa kuseri komwe kuli amayi, kutenga musi n'kuthandiza kusinja, nkhani n'kumayambira pamenepo. Anawathandiza kutsegula timadimba ta ndiwo kufupi ndi mtsinje, kutali ndi thonje. Anawaphunzitsa kuti botolo kapena chitini cha mankhwala sichisungira mchere, mafuta kapena madzi, ngakhale chitsukidwe chotani. Anagwirizana ndi a Obed kuti bambo aliyense akapopera azimanga kansanza kofiira pamtengo m'mbali mwa munda, ndipo azinena kunyumba. Woyamba kumanga kansanzako anali a Yoramu.

Msonkhano woyamba waukulu wa Lufina unachitikira pakhonde la sitolo ya a Dauda. Amene anaitana amayi anali mayi Rahima, khomo ndi khomo, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo mayi Enelesi anakhala pambali pawo. Lufina atamaliza kuphunzitsa, mayi wina anadandaula kuti dimba ndi ntchito yowonjezera pamene khobwe wa m'thonje amangomera yekha. Ena anavomereza. Apo mayi Rahima anaimirira.

"Lukia wanga bwenzi chaka chino akuyamba sukulu. Yunifolomu ndikanamusokera ndekha. Limani dimba, amayi."

Palibe anatsutsanso. Chaka chimenecho, ndi zaka zotsatira, m'midzi imene Lufina ankayendera simunamvekenso za mwana wodwala chifukwa cha ndiwo za m'munda wopopera. Atsikana ena awiri a ku Kasinje anatsata mapazi ake, wina ulangizi wa zaulimi, wina wa chitukuko cha m'midzi, ndipo makolo awo anawaperekeza okha.

Phunziro lake ndi ili. Mankhwala a m'munda amapha anthu, choncho tsatirani muyeso, uzani onse a pakhomo mukapopera, ndipo musadye chilichonse cha m'munda umenewo mpaka mlangizi atanena kuti nthawi yakwana. Uphungu umene wafika kwa abambo okha sunafike pakhomo. Ulangizi ndi ntchito yaulemu, yopulumutsa miyoyo, ndipo ikufunika amuna ndi akazi omwe. Mwana wanu wamkazi akaitanidwa kukaiphunzira, muloleni apite lero, maliro asanakuphunzitseni.