Kabotolo ka ku Halale

Jestina anali atamanga nsalu mpaka m'khosi, koma amayi ake anaona mmene ankanyamulira mtsuko, ataupatula kutali ndi chifuwa ngati ukuotcha.

"Tamasula nsaluyo," anatero aNdaziona.

"Kukuzizira, amayi."

"Kwayamba lero kuzizira kuno? Masula."

Mphini zimene anamutema masiku anayi apitawo, mizere itatu yokongoletsa pachifuwa pokonzekera ukwati wake ndi Ezara, zinali zitatupa. Zinali zofiira psuu, zikuchucha madzi.

ANdaziona anamugwira mwana wawo pamkono n'kumukokera kwa aMagadalena, mlongo wa amuna awo. AMagadalena ndiwo ankatema atsikana onse a m'mudzimo, n'kuwapatsa mafuta a nsatsi ophika okha oti azipaka pa mabala.

M'njiramo nkhungu inali isanachoke, ndipo Jestina analakalaka itamumeza. Iye yekha ndiye ankadziwa chimene chinachitika. Ankhoswe anawaletsa kuonana paokha mpaka ng'ombe zitalowa m'khola la bambo ake, koma Ezara, yemwe anali atangobwera kuchokera kuntchito ku Halale, anamudikirira kuseri kwa nsungwi za kumtsinje. Anamufumbatitsa kabotolo kokhala ndi chithunzi cha duwa.

"Akazi a azungu amanunkhira zimenezi," ananong'ona Ezara. "Mulibe duwa lenileni mmenemu, amachita kusakaniza mankhwala. Koma fungo lake, duwa lenilenilo lichita nsanje."

Jestina anakabisa mu udzu wa denga la nkhokwe. Mafuta a nsatsi ankanunkha utsi, choncho kwa masiku atatu anapaka za m'kabotolomo pa mphini zake. Zinkalasa ngati tsabola. Iye ankati ndiyo mphamvu yake.

Anawapeza aMagadalena akukazinga nsatsi m'phale.

"Alamu, taonani ntchito yanu!" anakuwa aNdaziona, akukoka nsalu ya Jestina. "Mwana wanga mukufuna akalowe m'banja atawola?"

Amayi amene ankapita kumadzi anatula mitsuko. Ena anatulukira kuseri kwa mipanda.

"Mafuta anga sanatupitsepo munthu," anayankha aMagadalena mofatsa.

"Ngati si mafuta ndiye ndi manja. Wotema mphini amayenera kudzisunga, aliyense amadziwa. Inu munachokera pamphasa ya amuna anu n'kudzagwira mwana wanga muli wotentha!"

"Ii, ndiye wanga asapitenso kumeneko," anatero mayi wina. "Amati amuteme mawa."

"Paja chaka chatha mwana wa aPetulo anachedwa kupola," anawonjeza mnzake.

AMagadalena anachotsa phale pamoto. Anayandikira, nawerama kuti aone mabalawo. Jestina anaona mphuno yawo ikugwedezeka kamodzi, kenako kawiri. Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana m'maso. Adziwa, anaganiza motero Jestina. Liwu limodzi lokha, mudzi wonse udziwa kuti anakumana ndi mwamuna kunsungwi.

"Mwina nsatsi sizinapse bwino," anatero aMagadalena, akutembenukira kumbali. "Ndakalamba. Musiyeni mwanayu ndimutsuke."

"Mwamva? Avomera okha!" anatero aNdaziona. "Bambo ake akabwera kudimba nkhaniyi ipita kubwalo. Kansengwa kanu ka malezala mukataye kudzala."

Jestina anayang'ana manja a azakhali ake, akuda ndi mwaye, akufunafuna chikho. Anadzipulumutsa m'dzanja la amayi ake n'kuthamanga.

"Akuthawira kuti?" anakuwa aNdaziona.

Jestina anabwerera ali wefuwefu, udzu uli m'tsitsi. Anagwada n'kuika kabotolo kaja pansi, pakati pa amayi ake ndi azakhali ake.

"Mafuta a azakhali sindinapake ngakhale tsiku limodzi. Ndimapaka izi."

"Wazitenga kuti?" Mawu a aNdaziona anali atatsika.

"Anandipatsa aEzara."

"Anatuma ndani?"

"Sanatume munthu, amayi. Kumtsinje."

Wina anaseka chapansipansi, ndipo mitsuko inayamba kukwera pamitu mofulumira. Nkhaniyo inali ndi kopita.

AMagadalena anatsegula kabotoloko. Fungo linadzaza pabwalo, lokoma moti mayi wina anaima n'kucheuka. Anadontheza pang'ono pamkono pawo, nadikira. Panangozizira basi. Anadonthezanso pa chala chimene anadzicheka ndi mpeni dzulo lake, ndipo anakwinya nkhope.

"Pa khungu labwino zilibe vuto. Pa bala ndi moto," anatero. "Nsatsi zanganso zosaphika zimagwetsa mbuzi. Koma nsatsi ndimazidziwa. Izi wazipanga ndani, waikamo chiyani, mnyamata wakoyo angandiuze?"

Jestina anapukusa mutu, misozi ikugwera pa mabala.

ANdaziona anagwada pafumbi, pamaso pa amayi ochepa amene anatsala, n'kuomba m'manja.

"Ndakulakwirani, alamu. Nkhuku yopepesera ndibweretsa ndekha."

Atadzuka anatola kabotolo kaja n'kumupatsa Jestina.

"Akamaliza kukutsuka, upite nako kwa amalume ako. Ukawauze ndi pakamwa pako kumene unakalandirira. Za ukwati akanena ndi iwowo."

Madzi amchere anawawa kuposa zonse. Jestina analuma mano, kabotolo kali m'manja, maso ali pa njira yotsikira kwa amalume.