Mano a Bambo M'thumba la Jekete

Telala analowa m'holo atakoleka mkanjo paphewa, mapini ali kukamwa, n'kupeza gulu lonse la zisudzo likuwomba m'manja. Pansanja panali mchimwene wake, amene aliyense ankamutchula kuti Dairekita, akudzikoka pansi, mutu ukugwedera, dovu likutsikira pachibwano. Ankakonzekera sewero lakalekale lomvetsa chisoni, la nkhalamba imene ana ake anaitaya, ndipo nkhalambayo anali iye.

"Mwaliona dzanjali?" anatero Dairekita akudzuka. "Ndayenda ine, ndaona mabwalo a zisudzo a mayiko ambirimbiri. Kunjenjemera kotereku kulibe. Uku n'kochokera pagwero."

Analoza mpando wakutsogolo. Telala atacheuka, mapini anagwera pansi.

Pampandopo panali bambo awo. Chiwagwireni sitiroko ankakhala kwa Telala, mpaka mwezi wathawu pamene Dairekita anadzawatenga. "Nanenso ndi bambo anga, upumeko mlongo wanga," anatero tsikulo, ndipo Telala anachita kugwetsa misozi yothokoza. Lero ndevu zinali nyankhalala, malaya ali mathothomathotho a tiyi, ndipo fungo la mkodzo linamulonjera asanafike pafupi. Masaya anali atalowa m'kati.

"Bambo, mano anu ali kuti?"

"Ali kuno," anayankha Dairekita. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mano oikirira aja, atamatirira ulusi ndi tizidutswa ta fodya. "Akawavala amalankhula bwino mopitirira. Ine ndikufuna ndizimva mmene mawu amatulukira m'kamwa mopanda kanthu."

"Nanga kusamba?"

"Sewero likatha. Fungoli limandithandiza kulowa m'thupi mwa munthuyo. Iwe sungamvetse, zako ndi mabatani."

Mtsikana amene ankasewera ngati mwana wankhanza anadziphimba kukamwa. "Ndi bambo anu enieni? Ife timayesa mwachita kubwereka penapake."

Ena anaseka, ena anayang'ana kudenga.

Telala anatsomphola manowo n'kutuluka nawo kupita pampopi wa kuseri. Anawakwecha ndi chikhadabo. Atabwerera anagwada, n'kuwatsegula bambo ake pakamwa monga ankachitira m'mawa uliwonse kwawo, n'kuwaveka.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Gwirani phewa langa."

Bambowo anagwira mpando ndi dzanja lawo lamoyo lija, zolimba.

"Ndisiye, mayi," anatero, mawu akutuluka mmodzimmodzi.

"Ndikusiyeni muno? Mukudziwa chimene akukuchitani?"

"Ndikudziwa. Amanditsanzira." Anameza malovu. "Koma amandiyang'ana. Tsiku lonse amandiyang'ana. Chikulireni chake sanandiyang'anepo chonchi."

Maso awo anali pansanja, pamene mwana wawo anali atayamba kale kupotoza mlomo, kuyeserera mmene iwo ananenera mawu omwewo.

"Bwerezaninso, bambo," anatero Dairekita. "Paja pa 'amandiyang'ana' paja. Pamenepo anthu adzalira."

Telala anaimirira. Anafuna kumulavulira mchimwene wakeyo, koma bambo ake anali atatsegula kale pakamwa kuti abwereze. Anatulutsa foni n'kuimbira mwamuna wake.

"Bambo a ana, pezani galimoto. Mubweretse makina anga osokera kuno ku holo. Beseni, sopo, lezala, ndi mathalauza a bambo amene anatsala kwathu aja. Makasitomala muwauze kuti telala wasamuka."

"Ukufuna kundiwonongera sewero iwe," anatero Dairekita.

Telala anagwira mpando ndi bambo ake omwe, n'kuyamba kuukokera kuseri kwa katani, miyendo ya mpandowo ikulira pasimenti.

"Ndikubwezerani bambowa pompano, achimwene," anatero. "Muwayang'ane mpaka maso atope. Koma muziyang'ana munthu wosamba."